Mtima anaukonza ku India, koma ntchito yeniyeni tinaipeza kunyumba

Lamulo loyamba lomwe anatipatsa potitulutsa mchipatala ku India linali loti kwa masabata 6 mwanayu asanyamulidwe m'khwapa, asakokedwe mkono, komanso asaberekedwe kumbuyo. Ine kukamwa yasa. Mayi wa ku Malawi kuno mwana umamunyamula bwanji osamugwira m'khwapa? Ife tinakula tikuona amayi athu akugwira mwana mkono umodzi nkumuponya kumsana, chitenje nkumanga, ulendo wa kuchigayo wayambika. Ndiye nesi uja anachita kundiphunzitsa, dzanja limodzi kumatako, lina kumsana cha kumapewa, nkumudzutsa pang'onopang'ono, pomwe ndi chimnyamata cha zaka zitatu chodziwa kale kuyankha mwano. Nkhani yake ndi yoti akamapanga opaleshoni ya mtima amadula fupa la pakati pa chifuwa lija kuchokera mmunsi mwa khosi mpaka pamwamba pa mimba, akamaliza amalimanga ndi timawaya, ndiye khungu limapola msanga inu nkumati zatheka koma mkatimo fupa lisanagwirane. Timawayato sachotsanso, akhala nato mpaka kalekale, pa X-ray timaoneka bwinobwino.

Ndiye taganizani kutsika ndege pa Chileka, abale adzaza, ena achokera kumudzi, aliyense akufuna amunyamule amukweze mmwamba. Ndinasanduka wapolisi tsiku limenelo. Apongozi anga anakhumudwa ndithu, amvekere "kodi mdzukulu wanga yemwe ndisamugwire?" ndipo zinatengera bambo ake kuwakhazika pansi nkuwaonetsa chithunzi cha X-ray chija kuti amvetse kuti si mwano. Minibasi tinayamba taisiya kaye chifukwa makondakitala athuwa mukuwadziwa, mwana amangomutsomphola m'khwapa nkumuponya mpando wakumbuyo iwe usanatsegule pakamwa. Kabaza ndiye ayi. Ndalama za taxi zinatipweteka miyezi imeneyo, koma nanga tikanatani.

Kwa amene simukudziwa chiyambi chake, mwana wangayu anabadwa ndi vuto lomwe madokotala amalitcha Tetralogy of Fallot. Ndi zinthu zinayi zosokonekera mumtima umodzi: bowo pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi za mtima, njira yopititsa magazi kumapapo yopanikizika, mtsempha waukulu uja amati aorta unakhala pamwamba pa bowolo mmalo mokhala mbali yake, ndipo mnofu wa mbali yakumanja kwa mtima unakhuthala chifukwa chopopa mokakamiza. Mapeto ake magazi omwe sanadutse kumapapo kukatenga mpweya amangopita m'thupi choncho. Pa khungu lathu lakudali suziona msanga, umachita kuyang'ana lilime, nkhama ndi zikhadabo, zimaoneka zodera ngati za buluu. Kamakina kopana chala koyeza mpweya m'magazi kaja kankawerenga 75, tsiku labwino 80, pomwe munthu wabwinobwino amayenera kukhala pa 95 kupita mmwamba. Akalira kwambiri kapena akangodzuka mmawa ankatha kubanika, kufooka, maso kutembenuka, ine nkumupinda miyendo mawondo kufika pachifuwa mmene anandiphunzitsira ku kiliniki ya mtima ya ana ku Queens, komwenso ndi komwe anatulukira vutoli atamupanga echo, kuunika mtima ndi makina oonetsa mkati mwake.

Atayamba kuyenda ankati akaponda mapazi angapo nkunyonyomala, kupuma, nkudzukanso. Anthu ankamuseka kuti ndi waulesi, ena nkumamudzutsa mokakamiza. Chonsecho thupi lake linali litadzipezera lokha mankhwala, kunyonyomala kumapangitsa kuti magazi ambiri akankhidwire kumapapo. Usiku wina ndili mu wodi tulo titasowa ndinawerenga pafoni kuti dokotala wina wamkazi ku America, Helen Taussig, ankaona zomwezi mwa ana ake odwala, ndipo ndi iyeyo pamodzi ndi Alfred Blalock ndi Vivien Thomas omwe anayambitsa opaleshoni yoyamba yothandiza ana oterewa mu 1944 ku Johns Hopkins. Vivien Thomas ameneyo anali munthu wakuda, analibe digiri ya udokotala, anayamba ndi ukalipentala, koma tsiku la opaleshoniyo anaima kumbuyo kwa Blalock nkumamuuza posoka. Nkhani imeneyo ndimaikonda, ndidzamuuza mnyamatayu akadzakula.

Za kudikira ndi kusaka ndalama sindikhalitsapo, imeneyo ndi nkhani yapayokha. Ndingoti tili mkati mosonkhetsa kutchalitchi, kuntchito ndi m'magulupu a WhatsApp, Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe tinali titatolera zinangosungunuka tikuona. Komabe Mulungu ndi anthu ake anatinyamula, tinakwera ndege kudzera ku Addis Ababa, opaleshoni inatheka.

Tsopano chomwe ndikufuna anthu amvetse ndi ichi. Madokotala aja anatseka bowo ndi chigamba, anakulitsa njira yopita kumapapo nkuikanso chigamba china. Mwana anatuluka mu ICU lilime lili psuu, kamakina kakuwerenga 98, ine ndinalira ngati sindinaonepo lilime. Koma pokulitsa njira ija valavu ya pamenepo, kachitseko koletsa magazi kubwerera, imatsala yosatseka bwino, magazi ena amabwerera mmbuyo, ndipo pakapita zaka mbali yakumanja ya mtima imatha kukula chifukwa cha zimenezo, moti ambiri mwa ana oterewa amadzafunika kuikidwa valavu ina akakula, ena ali achinyamata ena ali akuluakulu kale. Dokotala wa opaleshoniyo sanabise, anati mwanayu azionedwa ndi dokotala wa mtima moyo wake wonse ngakhale akuoneka wamphamvu chotani. Walira mvula walira matope, tinalirira opaleshoni, matope ake ndi amenewa ndipo sindikudandaula, ndikungonena kuti alipo.

Vuto ndi loti kwathu kuno anthu anagawikana pawiri ndipo mbali zonse ziwiri zimanditopetsa. Ena akuti wachira basi, kuchipatala mukukatani, bwanji simukhulupirira? Wina wa mapemphero anachita kundiuza mmaso muli gwa kuti kupitiriza mankhwala ndi kunyoza chozizwitsa. Ine umboni ndinapereka kutchalitchi, ndinavina, chopereka ndinapereka, koma tsiku la echo likafika ndimapita, Mulungu yemweyo ndi amene anapatsa nzeru anthu opanga makinawo. Ena ndiye mbali inayo, kumutenga mwana ngati dzira, asathamange, asalire, asasambe madzi ozizira, asatuluke kunja kukachita mitambo. Apongozi ali mbali imeneyi, ndipo ndimawamvetsa chifukwa anamuonapo akubanika mmanja mwawo, mantha amenewo sachoka ndi mawu.

Mankhwala omwe tinabwera nawo anali ochepa kusiyana ndi mmene ndinkaganizira. Waukulu unali Lasix, wochotsa madzi m'thupi kuti mtima usalemedwe, ndi unzake spironolactone, komanso panado wa ululu. Lasix ameneyo mwana amakodza, eee, mabulangete tinachapa, munthu woti anali atasiya kale kukodza pogona. Wamadzi uja atatha kumupeza kunali kovuta, tinazungulira ma pharmacy mtauni, mapeto ake adokotala anatilembera mmene tingagawire piritsi nkusungunula m'madzi nkumayeza ndi sirinji. Chomwe anatichenjeza kwambiri ndi choti mwana yemwe akumwa Lasix akatsegula m'mimba kapena kusanza madzi amatha msanga m'thupi, ndiye Thanzi ORS asamasowe mnyumba ndipo tiziimba foni kufunsa ngati apitirize kumwa tsiku limenelo, osangoganiza tokha. Patapita miyezi anamusiyitsa onse, pano samwa kanthu tsiku ndi tsiku. Koma ana ena amapitiriza, ena amapatsidwa aspirin, zimatengera mtima wake, ndiye chonde osakopera za mwana wanga.

Kutentha thupi ndiye nkhani yomwe imandidzutsa usiku mpaka lero. Kwathu kuno mwana akangotentha aliyense amasanduka dokotala, malungo amenewo mupatseni LA, wina akubweretsa makapisozi otsala a mwana wake, wina bakitirimu wa pagolosale. Zoona malungo alipo ndipo mwana wa mtima amadwalanso malungo ngati wina aliyense, neti timagona chaka chonse. Koma kwa mwana yemwe ali ndi zigamba mumtima, kutentha thupi kosadziwika chifukwa chake kutha kukhala tizilombo tomwe talowa m'magazi nkukamera pa chigamba kapena pa valavu, matenda omwe amati endocarditis, ndipo amenewo si a mapiritsi a masiku atatu ayi, ndi kugonekedwa masabata 4 mpaka 6 akulandira mankhwala a mumtsempha. Ukathamangira kumumwetsa makapisozi asanamutenge magazi okayeza, tizilomboto timabisala, zotsatira zimatuluka ngati mulibe kanthu pomwe matenda akudya mkati. Komanso masabata oyambirira opaleshoni itangochitika madzi amatha kudzadza mu kathumba kokuta mtima, mwana nkumatentha thupi, kusanza, kufooka, kukana kugona chagada, ndipo zimenezo amaziona ndi echo basi, si za kuyeza malungo pachala.

Tsiku lina anatentha thupi usiku, tinathamangira pa kachipatala kena kapafupi kolipira. Malungo sanapezeke. Adokotala ake atamuika choyezera pachifuwa anadzidzimuka, amvekere "mayi, mukudziwa kuti mwanayu mtima wake uli ndi phokoso?" chonsecho chipsera chili poonekera kuyambira pakhosi mpaka pamimba kkkk. Phokosolo limakhalapobe ngakhale mtima ataukonza, ECG yakenso, yoyeza kagundidwe ka mtima ija, siioneka ngati ya mwana wina, amene sakudziwa mbiri yake atha kuchita mantha kapena kulemba mankhwala osafunika. Iwo anali atayamba kale kulemba amoxicillin. Ndinatulutsa mapepala a ku India, ndinawapempha mwaulemu kuti awerenge kaye, ndipo atawerenga anasintha okha maganizo nkutilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Zinapezeka kuti ndi chimfine wamba, koma ine bola kupita pachabe. Mapepala amenewo ndinawapanga fotokope kangapo, ena ndinamata mu buku lake la kuchipatala, ena ali kwa apongozi, ena ndinajambula ali mufoni yanga ndi ya bambo ake. Mayi mnzanga amene mwana wako wapangidwa opaleshoni kunja, pepala lotulutsira mchipatala lija ulisunge kuposa setifiketi ya ukwati, chifukwa dokotala yemwe anatsegula chifuwacho ali kutali ndipo chomwe chingamuyankhulire kuno ndi pepalalo.

Za mano anthu amaseka ndikanena. Mano akukhudzana bwanji ndi mtima? Tizilombo tambiri toyambitsa endocarditis timachokera mkamwa, dzino lobooka kapena nkhama zotuluka magazi ndi khomo lolowera. Ndiye mswachi kawiri patsiku mnyumba muno si nkhani yokambirana, alire asalire. Chovuta ndi alendo. Aliyense wobwera kudzamuona amabwera ndi maswiti, mabisiketi, Sobo, chifukwa chomumvera chisoni, ndipo ukakana umaoneka ngati mayi wouma mtima. Pano ndimangonena poyera kuti amene akufuna kumusangalatsa abweretse nthochi kapena mazira. Ndipo tsiku lomwe adzafunike kuchotsa dzino, wa mano ayenera kuuzidwa kaye za mtimawu, chifukwa ana ena oterewa amayenera kumwa amoxicillin patatsala pafupifupi ola limodzi kuti awagwire mkamwa. Nchimodzimodzi mphini, kuboola khutu ndi zina zocheka khungu ndi lezala kunyumba, ndinawauza akumudzi kuti thupi ili lachekedwa mokwanira.

Kudya nakonso kunali ndi aphungu ake. Anthu akamva kuti matenda a mtima amaganiza za BP ya agogo awo, ndiye malangizo anali mbwee, asadye mafuta, asadye mazira, mchere ayi, nyama ayi. Pomwe mwanayu ankafunika kunenepa! Asanapangidwe opaleshoni mzere wake wa kusikelo unkangoyenda chogona, akayamwa pang'ono thukuta kamukamu nkugona, mphamvu zonse zinkathera kupuma. Madokotala anati mupatseni chakudya champhamvu, ndiye phala la Likuni lothira nsinjiro ndi supuni ya mafuta ophikira, dzira, usipa wosinja, mapeyala nthawi yake, mkaka tikaupeza. Miyezi yoyamba ankakana, kenako chilakolako chinangotseguka, pano amapempha nsima yachiwiri ndipo nsapato zikumuthina msangamsanga, dandaulo lomwe ndinkalilakalaka zaka zonsezi.

Chomwe palibe anandikonzekeretsa ndi khalidwe lake titabwerako. Mwana anasintha. Usiku kudzidzimuka nkumakuwa, kukana kuti ndichoke ngakhale kupita kubafa, akaona munthu wovala zoyera ngakhale wa mu butchala kulira kosatonthozeka. Ife akuluakulu timati mwana saziwa kanthu aiwala, koma iyeyu anadzuka ali ndi mapaipi pachifuwa, manja atamangidwa kuti asazule, anthu achilendo oyankhula chinenero chachilendo akumubaya, ndipo amayi ake ataima pomwepo osamulanditsa. Zinatenga nthawi. Chomwe chinathandiza ndi kumuuza zoona tikamapita kuchipatala, lero akuyeza ndi kamakina kozizira kaja sikapweteka, lero kuli jakisoni ipweteka pang'ono ndikugwira dzanja. Tinamugulira ka stethoscope ka pulasitiki, amayeza chidole, amayeza mphaka, amayeza agogo ake nkuwauza kuti mtima wawo uli ndi phokoso.

Kenako pali nkhani ya mwambo, ndipo apa ndi pomwe timakangana kwambiri mnyumba muno. Kale akalira ankabanika, ndiye nyumba yonse inazolowera kuti asalire, chilichonse chomwe wafuna apatsidwe. Mwana ndi wochenjera, anaziona. Pano mtima anaukonza, kulira sikungamubanikitsenso, adokotala ananena momveka bwino pamaso pa apongozi kuti mulekeni alire ngati mwana wina aliyense, koma iye akangokanizidwa kanthu amagwira pachifuwa nkuyang'ana agogo ake, basi remote yapita kwa iye. Mchemwali wake wamkulu ndi amene zimamuwawa. Tsiku lina anandifunsa kuti "amama, kodi ine ndikanakhala wodwala mukanandikonda ngati iyeyu?" Mtsikana ameneyu anakhala kwa azakhali ake nthawi yonse yomwe tinali ku India, mayeso analemba ife kulibe, palibe anamubweretsera nthochi. Pano Loweruka lina ndimatuluka naye awiriwiri, ngakhale kungokadya chipisi pa chiwaya, ndipo mng'ono wakeyo akalakwa amalangidwa, akamenya mnzake amapepesa, mbale yake amachotsa yekha. Ine sindikulera wodwala ayi, ndikulera mwamuna yemwe adzakhale ndi anthu, ndipo anthuwo sadzamupatsa remote chifukwa cha chipsera.

Chipseracho poyamba ankabisa, pano amachionetsa kwa aliyense mwaulere. Anzake akamufunsa amati "anandikonza mtima ku India, ndinakwera ndege", nkhani imathera pa ndegeyo. Akuluakulu ndi amene amafunsa mopweteka. Asanapezeke ndi vutoli, ali wowonda wosakula, kunali manong'onong'o oti ndi tsempho, kuti wina mwa ife makolo anayenda njira zosayenera mwana ali wakhanda, ndipo banja lathu linagwedezeka ndithu ndi nkhani imeneyo. Ena ankati ndinadya chinachake ndili woyembekezera, ena ankaloza anthu akumudzi. Zoona zake ndi zoti padziko lonse pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto lina la mtima, ku India komweko wodi inali yodzadza ndi ana akomweko, a ku Nigeria, a ku Iraq, onsewo tsempho? Mtima wa mwana umapangika masabata 8 oyambirira a mimba, nthawi yomwe amayi ambiri sanadziwe nkomwe kuti aima. Pali zina zomwe zimaonjezera chiopsezo monga rubella, shuga wa mayi, mowa ndi mankhwala ena, koma kwa ana ambiri madokotala sapeza chomwe chinachititsa ndipo palibe wolakwa. Anatiuzanso kuti tikadzafuna mwana wina ndidzanene msanga kusikelo kuti adzamuone mtima akadali m'mimba. Nkhani ya mwana winayo bambo ake akaiyamba ine ndimapita kukatereka madzi.

Ku kiliniki timakumananso ndi ana okulirapo omwe sanabadwe ndi vuto koma mtima unaonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe, aja amabayitsa benzathine mwezi ndi mwezi. Ndi matenda ena amenewo, koma pabenchi timakhala limodzi, ndipo amayi a pabenchi paja ndi amene amandimvetsa kuposa wina aliyense. Ambiri mwa iwo akudikirabe, ana awo milomo ili bii, ndiye wanga akamathamangathamanga mu khonde muja ndimasowa poyang'ana.

Ineyo tulo sindinabwererebe mwakale. Ndimadzuka nkuika dzanja pamsana pake, ndimawerenga kapumidwe, ndikaona zili bwino ndimagona. Sabata ya echo chakudya sichilowa. Bambo ake sayankhula zambiri koma ndimawaona, akamasewera naye mpira panja amangoyang'ana milomo ya mwana mmalo moyang'ana mpira.

Pano ali ku sukulu ya mkaka. Aphunzitsi ake nditawafotokozera anachita mantha mpaka nthawi yosewera ankamukhazika pamthunzi yekha anzake akuthamanga, mwana nkumabwera kunyumba akulira kuti amulanga osalakwa. Ndinapitanso ndi kalata ya adokotala nkuwauza kuti madamu, mulekeni asewere, akatopa apuma yekha, musamukakamize kupitiriza komanso musamuletse kuyamba. Zoti muziyang'anira ndi izi basi, akakomoka, akanena kuti mtima ukuthamanga kapena pachifuwa pakupweteka, akayamba kupuma movutikira kuposa anzake, kapena akatentha thupi, pamenepo imbani foni nthawi yomweyo, nambala zonse ziwiri ndinazilemba mkati mwa chikwama chake. Anamvetsa, moti sabata yatha anabwera bondo litasupuka, yunifolomu ili fumbi lokhalokha.

Echo yotsatira ili mwezi wamawa ndipo mafunso ndalemba kale mufoni kuti ndisakaiwale ndikakaona makina aja: valavu ija ikudontha motani poyerekeza ndi ulendo watha, mbali yakumanja yakula kapena ili pomwepo, dzino lakutsogolo layamba kugwedera ndiye likachoka lokha pakufunika mankhwala kapena ayi. Komanso ya njinga, chifukwa bambo ake anamulonjeza kale njinga ya pa Khirisimasi osandifunsa ine, ndipo apongozi sanauzidwebe.